Kodi mitengo ya nyumba ku Zomba itsika? Yankho kwa mayi wa ku Matawale

Funso: "Ndine namwino, ndimachita lendi ku Matawale, K250,000 pamwezi. Pa zaka 7 ndasunga K18 miliyoni. Ndapeza nyumba ya zipinda zitatu ku Chinamwali, akuti K60 miliyoni, chonsecho mwini wake yemweyo ankaitsatsa pa K30 miliyoni kumayambiriro kwa 2022. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp anthu akukangana usana ndi usiku. Ena akuti ndidikire, mitengo igwa ngati mmene zinachitikira ku America chifukwa chuma chathu chafa. Ena akuti ndithamangire kubanki lero lomwe ndikatenge ngongole, mawa ndikapeza zitakweranso. Ndimvere ndani?"

Mayi, ndiyambe n'kukuyamikirani. Kusunga K18 miliyoni pa malipiro a unamwino, m'zaka zimene tadutsamozi, si masewera, ndipo n'chifukwa chake sindikuyankhani mothamanga. Ntchito yanga ndi yoyendera nyumba ndi malo n'kunena mtengo wake, kwa mabanki, kwa mabanja amene akugawana chuma chamasiye, komanso kwa ogula ngati inu. Mikangano mukunenayo nanenso ndimaiwerenga. Imandidetsa nkhawa chifukwa amene amakuwa kwambiri m'magulumo sadzakhalapo tsiku limene inu mudzalephere kubweza ngongole, kapena tsiku limene mudzapeze kuti ndalama munasunga zija sizikugulanso ngakhale puloti.

Tiyambire pa nambala imene akukanganirayo. Pafupifupi mitengo yonse imene mumaiona pa foni ndi mitengo yotsatsira, si mitengo imene nyumba zagulitsidwira. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mwini nyumba amatchula mtengo wake, dobadoba woyamba amaikapo yake, wachiwiri amene wangokopera zithunzi amaikaponso yake, ndipo pofika pa foni yanu nyumba yanenepa kawiri osasuntha pamene ili. Ikagulidwa, palibe amene amabwerera kudzalengeza kuti tinagwirizana zakuti. Ofesi ya National Statistical Office, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, imatulutsa mwezi ndi mwezi mlingo wa kukwera mitengo kwa zinthu, koma mlingowo umayeza zimene banja limagula kuti likhale moyo: chimanga, mafuta, sopo, thiransipoti, lendi. Suyeza mitengo yogulitsira nyumba. Tsono munthu akamanenetsa kuti nyumba ku Zomba zakwera ndi maperesenti akutiakuti, mufunseni kuti wawerenga nyumba zingati zimene ndalama zinasinthadi manja. Kawirikawiri waona zithunzi zitatu basi.

Ngakhale zili choncho, tiyeni titenge manambala anuwo monga mmene alili, chifukwa muli phunziro lalikulu. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi ya ku America inkagulidwa kubanki pa ndalama yoposa K800 pang'ono. Mu May chaka chomwecho Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kenako n'kudzakhazikika cha pa K1,750. Ndiye werengani nane. K30 miliyoni ya nthawi ija inali madola pafupifupi 36,000. K60 miliyoni pa K1,750 ndi madola pafupifupi 34,000. Nyumba imene mukuiona ngati yakwera kawiri ili pamene inali, mwinanso yabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndipo uwu ndi mtengo wa kubanki, kumene amalonda ambiri dola saipeza n'komwe. Pa msika wam'mbali, umene mu 2025 unafika poposa kawiri mtengo wa kubanki, nyumbayo yatsika kwambiri. Nyumba sinakwere, mayi. Yagwa ndi kwacha, ndipo malipiro anu, amene amabwera mu kwacha, agwera limodzi nayo.

Mwina mufunsa kuti dola ikulowa bwanji m'nyumba ya njerwa za ku Chinamwali. Yang'anani nyumba iliyonse, muchotse njerwa, mchenga, miyala ndi thukuta la amisiri. Zotsalazo zadutsa pa boda: malata kapena chitsulo chopangira malatawo, zitsulo za m'konkire, magalasi, matailosi, mawaya a magetsi, mapaipi, maloko, mankhwala opangira penti, ndi dizilo wa lole imene yatutira zonsezi. Simenti imene, ngakhale tili ndi mafakitale ku Blantyre, ku Kasungu ndi ku Mangochi, imadalira makina, mafuta ndi zipangizo zina zogula kunja. Achikulire a kuno akukumbukira nthawi imene miyala ya simenti inkakumbidwa ndi kuwotchedwa ku Changalume, m'boma lathu lomwe lino, koma ntchito imeneyo inatha kalekale. Dziko lathu limagula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni pachaka, pomwe zimene timagulitsa, fodya patsogolo, zimabweretsa pafupifupi 1 biliyoni. Mpata umenewu ndi umene umaoneka pa mizere ya mafuta ndi pa mtengo wa thumba la simenti. Wogulitsa nyumba amadziwa kuti akaigulitsa motchipa sadzathanso kumanga ina yofanana nayo, ndiye amaumirira pa mtengo umene ungamumangire ina. Ena amati ndi dyera. Dyera lilipo ndithu, koma gawo lalikulu ndi mantha.

Tsopano gulu loyamba, la anzathu amene akuti dikirani zigwa ngati ku America. Zimene zinachitika kumeneko cha m'ma 2008 zinali ndi gwero lake. Mabanki anabwereketsa ndalama zogulira nyumba kwa anthu miyandamiyanda, ambiri osafufuzidwa ngati angathe kubweza, ndipo makampani anamanga nyumba zochuluka kuposa ogula enieni. Chiwongoladzanja chitakwera, anthu analephera kulipira, mabanki analanda nyumba n'kuzithira pa msika nthawi imodzi, mitengo n'kugwa, mpaka banki yaikulu ya Lehman Brothers inagwa mu September 2008. Kuti mitengo igwe motero pamafunika anthu ambiri okakamizika kugulitsa nthawi imodzi. Kuno kwathu anthu oterowo ali kuti? Yendani ku Sadzi, ku Mpondabwino, ku Chikanda, ku Matawale komweko, mufunse kuti ndi nyumba zingati zimene zinamangidwa ndi ngongole ya kubanki ya zaka 15 kapena 20. N'zowerengeka. Zambiri zinamangidwa pang'onopang'ono, maziko chaka chino, kufika pa mawindo chaka chamawa, denga ndi ndalama za penshoni, kapena ndi ndalama zotumizidwa ndi mwana ali ku Joni. Mwini nyumba wotereyu palibe amene akumuthamangitsa. Ogula akasowa amangoikamo alendi n'kukhala pansi.

Komabe gulu limeneli silikunama pa zonse. Likuona chinthu chenicheni, chakuti anthu alibe ndalama ndipo nyumba zikukhala nthawi yaitali osagulidwa. Chimene sakuchizindikira n'chakuti kugwa akukudikirako kumachitika kale, koma mwakachetechete. Nyumba ikakhala pa K60 miliyoni kwa zaka ziwiri osasuntha, pomwe zinthu zina zikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka monga zinalili mu 2024, ndiye kuti pakutha pa zaka ziwirizo K60 miliyoni ija ikugula zimene K35 miliyoni ikanagula poyamba. Nambala ya pa chithunzi sinasinthe, koma nyumba yataya zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wake. Kuno nyumba zimatsika chonchi. Vuto kwa inu n'lakuti kutsika kumeneku sikukupindulirani ngati mukudikira muli ndi kwacha m'manja, chifukwa moto womwewo ukuwotchanso ndalama zanu. K18 miliyoni yongokhala mu akaunti wamba, zinthu zikukwera ndi 30 peresenti, pakatha chaka imagula zimene K14 miliyoni imagula lero, mwinanso osafika. Mukhala mutataya K4 miliyoni popanda wakuba kulowa m'nyumba.

Gulu lachiwiri ndi limene limandiopsa kwambiri, chifukwa malangizo ake amamveka anzeru. Akuti tengani ngongole. Tiwerengenso. Mukufunika K42 miliyoni yowonjezera. Mu 2024 ndi 2025 chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imaika ngati poyambira chinali 26 peresenti, ndipo munthu wamba akabwereka kubanki amalipira mozungulira 30 peresenti, ena kuposa apo. Tingotenga 30. Chiwongoladzanja chokha pa K42 miliyoni ndi K12.6 miliyoni pachaka, kutanthauza K1,050,000 pamwezi, musanayambe kubweza ngongole yeniyeniyo. Lero mukulipira K250,000 ya lendi. Ndiye kuti musiya kupereka K250,000 kwa landilodi n'kuyamba kupereka kanayi kuposa pamenepo kubanki, ndipo ndalama zonse ziwirizi n'zosabwerera. Anthu amakonda kunena kuti lendi ndi kutaya ndalama. Chiwongoladzanja nachonso n'chimodzimodzi, kungoti chimabwera ndi chiopsezo cholandidwa nyumba pamodzi ndi K18 miliyoni yanu ija. Ndikuganizanso kuti banki yoona bwino siingakupatseni n'komwe ngongole yotere ikaona pepala la malipiro anu, ndipo ikakukanizani musadandaule, yakuthandizani. Choopsa chimadza pamene munthu wakanidwa kubanki n'kuyamba kulumikiza tingongole: ya kuntchito, ya ku banki mkhonde ziwiri, kenako katapira. Ndayenderapo nyumba zingapo zimene zinkagulitsidwa mothamanga chifukwa cha njira imeneyi, ndipo nkhope za eni ake sindiziiwala.

Pali mfundo imodzi imene a gulu la ngongole amanena yomwe ili ndi mutu: zinthu zikamakwera, ngongole imapepuka m'kupita kwa zaka, chifukwa mumabweza ndi kwacha yofooka. N'zoona, koma zimagwira ntchito kwa munthu amene ndalama zake zolowa zimakwera limodzi ndi mitengo, monga wamalonda amene amasintha mitengo ya katundu wake sabata ndi sabata. Malipiro a m'boma sayenda choncho, inu mukudziwa bwino kuposa ine. Ndiponso ngongole zambiri za kuno chiwongoladzanja chake chimasintha Reserve Bank ikasintha chake. Chifukwa china chimene ngongole za nyumba zilili zodula ndi zosowa n'chakuti boma lenilenilo limabwereka kwambiri m'mabanki omwewo pa chiwongoladzanja chokwera. Banki ikapeza phindu loposa 20 peresenti pobwereketsa boma, singavutike kubwereketsa namwino motchipa kwa zaka 20. Amene akukangana za chipani ichi ndi chipani icho akanathera mphamvu zawo pa mfundo iyi, mkanganowo ukanatipindulira. Kwacha inagwetsedwanso mu 2012 pansi pa boma lina. Matendawa ndi akale kuposa chisankho chilichonse.

Ndikambeko za Zomba payekha, chifukwa zambiri zimene zimalembedwa pa intaneti ndi za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo anthu amangozikokera kuno. Likulu la dziko linachoka kuno mu 1975, koma Zomba anatsala mzinda wa anthu olandira malipiro a boma: aphunzitsi ndi antchito a ku University of Malawi, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, a kundende, a ku Zomba Central Hospital ndi chipatala cha amisala, a ku MANEB, a ku Domasi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 100,000 pang'ono mumzindawu. Kulibe mabungwe ambiri akunja ndi akazembe olipira lendi yokwera ngati ku Area 10 kapena ku Area 43 ku Lilongwe. Tanthauzo lake n'lakuti alendi sasowa, koma lendi ili ndi denga, ndipo dengalo ndi malipiro a boma. Nyumba mwaionayo, titati ingabweretse K300,000 pamwezi, ndi K3.6 miliyoni pachaka, imene ndi 6 peresenti ya K60 miliyoni. Muchotsepo zokonzetsa, msonkho wa kukhonsolo, ndi miyezi imene imakhala yopanda munthu, mutsala ndi mwina 4 peresenti. Kubwereka pa 30 kuti mupeze 4, ngakhale nyumbayo itamakwera mtengo, ndi katundu amene mutu wa munthu wa malipiro sungasenze. Nambala imeneyi ikukuuzaninso chinthu china chimene anthu sakonda kumva: pakadali pano kuchita lendi ku Zomba n'kotchipa poyerekeza ndi kugula, ndipo simukulakwa kukhala mmene mukukhaliramo pamene mukukonza zanu.

Kumene lendi imabweza msanga ndi ku zipinda za ophunzira a pa University of Malawi ku Chirunga, makamaka ku Chikanda, chifukwa amalipira pa bedi osati pa nyumba. Koma imeneyo ndi bizinesi yofuna kuyang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo sukulu ikatseka zipinda zimakhala pululu. Si zimene mwafunsa, ndangodutsapo.

China cha Zomba ndi malo enieniwo. Mbali imodzi kuli phiri ndi nkhalango yotetezedwa, mbali inayo nthaka imatsetserekera ku Likangala ndi ku chigwa cha nyanja ya Chilwa. Malo abwino, osatsetsereka kwambiri, osasefukira madzi, ofikika ndi galimoto nthawi ya dzinja, okhala ndi paipi ya Southern Region Water Board ndi pholo la ESCOM pafupi, ndi ochepa ndipo sakuchuluka. Amenewa ndi amene sindikuwaona akutsika. Amene anaona madzi a mu January 2015 ndi namondwe Freddy mu March 2023 akudziwa kuti puloti yotchipa ya m'mphepete mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phiri, m'njira ya madzi, imadzalipiritsa pambuyo pake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malo kawaoneni mvula ikugwa, ndipo mufunse oyandikana nawo pamene madzi anafika chaka cha Freddy. Adzakulozerani pakhoma.

Ndiye mutani? Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena ngati kwa mlongo wanga. Nyumba ya K60 miliyoni isiyeni ngati njira yake ndi ngongole yaikulu. Komanso musakhalire ndalama zanu kudikira tsiku limene mitengo idzagwe, chifukwa tsikulo silibwera mmene akulilotera. Patulani kaye ndalama ya miyezi itatu kapena inayi ya pakhomo, yoti mwana akadwala kapena kukagwa zovuta musagulitse chinthu mothamanga. Yotsalayo isandutseni chinthu chimene kwacha ikagwa sichigwa nayo: puloti ya mapepala olongosoka, kenako maziko, kenako khoma. Mangani nyumba yaing'ono imene mungaimalize, ngakhale ya zipinda ziwiri, yojambulidwa moti mudzawonjezere mtsogolo. Zomba yadzaza ndi zinyumba zikuluzikulu zoima pa mawindo, udzu utamera m'kati, chifukwa eni ake anayamba ndi pulani ya zipinda zisanu pa ndalama ya zipinda ziwiri. Tsiku limene mudzalowe m'nyumba mwanu, K250,000 ya lendi ija idzasanduka ya simenti. Pogula zipangizo, tsogozani zimene zimatsatira dola ndipo sizionongeka posunga, monga malata, zitsulo ndi mafelemu, bola muli ndi posungira potetezeka. Simenti musaunjike, imauma m'thumba pakapita miyezi yochepa, makamaka ndi chinyontho cha kuno. Ngati pangafunike ngongole, ikhale yaing'ono ndi yaifupi, yomalizira denga, imene kubweza kwake sikuposa lendi mukulipira lero.

Pa mapepala ndichedwepo, chifukwa ndalama zambiri zimene ndaona zikutayika ku Zomba sizinatayike ndi kugwa kwa mitengo, zinatayika pogula malo a mikangano. Funso loyamba n'lakuti malowo ali m'manja mwa ndani: unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda, Malawi Housing Corporation, kapena ndi malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Aliyense ali ndi njira yake yosinthira umwini. Ngati wogulitsa akuti ali ndi lizi, pepala lopatsa munthu malo kwa zaka zowerengeka, musakhutire ndi fotokope. Pitani nokha ku ofesi ya za malo mukafufuze ngati dzina lili m'kaundula ndi lake, ngati malowo sanaperekedwe chikole kubanki, ngati palibe chiletso, ndi zaka zimene zatsala pa liziyo. Mufunsenso kukhonsolo ngati palibe ngongole ya msonkho, chifukwa imatsata nyumba, ndiye kuti idzagwera inu. Malamulo a za malo anasinthidwa mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, ndipo kalata ya amfumu yokha, ngakhale ili ndi chidindo, si chitetezo chokwanira. Kuno kwathu malo ambiri a makolo ndi a mbumba. Mwamuna amene akukuonetsani malire akhoza kukhala mkamwini chabe, kapena mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri. Ngati alongo ake ndi eni mbumba sanakhale pansi n'kuvomereza pamaso pa mboni, mwagula mlandu. Nyumba ikakhala ya malemu, funsani kalata ya kukhoti yopatsa wogulitsayo mphamvu zoyendetsa chuma chamasiye, motsatira lamulo la 2011, ndipo mudziwe ngati mayi wamasiye ndi ana akudziwa za malondawo. Ndalama ya loya ndi ya woyeza malire imaoneka ngati yowawa, koma ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi K18 miliyoni. Safunsa anadya phula. Polipira, lipirani kudzera kubanki, m'dzina la mwini wake weniweni, osati la dobadoba, ndipo gawo lomaliza lidikire mpaka mapepala osinthira umwini atasainidwa.

Za nyumba ya ku Chinamwali ija, pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene chandigwira mtima: inkatsatsidwa kale mu 2022 ndipo mpaka lero ilipobe. Nyumba yabwino, ya mapepala abwino, ya mtengo woyenera, sikhala zaka zonsezi pa msika wa Zomba. Mwina mwini wake sakufunitsitsa kugulitsa, akungoyesa madzi. Mwina mtengo ndi wongolota. Mwinanso alipo ena amene anafika mpaka ku ofesi ya za malo n'kubwerera okha. Ngati mtima wanu udakali pamenepo, pezani mwini wake maso ndi maso popanda apakati, mumufunse chifukwa chake sinagulidwe, mupemphe nambala ya puloti, ndipo mupite nayo kukafufuza musanatchule n'komwe kuti muli ndi ndalama zingati.